A Kay Chiromo, Mmisiri Amene Anathira Mchenga wa Kwawo mu Utoto



Pa tsiku la mwambo ngati lino maso a anthu amakhala pabwalo. Woimba ng'oma amatchulidwa dzina, wovina bwino amafupidwa, ndipo mayi wotsogolera nyimbo amamuimbira nthungululu. Koma alipo mmisiri wina amene ntchito yake imafika pamwambo mwini wake asanafike, ndipo imatsala anthu onse atabalalika. Nsalu imene amayi avala lero inayamba ndi munthu amene anakhala pansi ndi pensulo, nasankha mitundu, nayeza kuti chithunzi chikhale pati ndipo mawu akhale pati. Chizindikiro cha bungwe, chikwangwani chimene chapachikidwa pamsewu, ngakhale kabuku kamene kali m'manja mwanuka, zonsezi zinadutsa m'manja mwa wojambula. Kawirikawiri dzina la mmisiri ameneyu silimveka. N'chifukwa chake mawu ano akukumbukira mmodzi wa amisiri otere, malemu a Kay Chiromo, amene anagwira ntchito yawo kuseri kwa phiri lomweli, mumzinda wa Zomba.

A Chiromo anabadwa m'chaka cha 1951 m'dera la Mfumu Chigaru, m'boma la Blantyre, dziko lino likadali kutchedwa Nyasaland. Ufulu wodzilamulira unafika mu 1964 iwo ali ndi zaka pafupifupi 13. Anakula pa nthawi imene kholo lotumiza mwana kusukulu linkayembekeza kuti adzakhale kalaliki, mphunzitsi, namwino kapena wapolisi. Kujambula kunkaoneka ngati masewera a mwana amene watopa ndi masamu. Munthu amene anasankha luso limeneli kukhala ntchito ya moyo wake wonse, m'masiku amenewo, anafunika kukhala wolimba mtima.

Njira yawo inawafikitsa ku Chancellor College. Koleji imeneyi inayambira ku Chichiri mumzinda wa Blantyre ndipo inasamukira ku Zomba mu 1973, pamtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera pano. M'zaka za m'ma 1980 a Chiromo anali mphunzitsi m'gawo la kolejiyo lophunzitsa zojambula, zosemasema, nyimbo ndi zisudzo, gawo lomwe munaphunzitsanso akatswiri monga a Berlings Kaunda ndi a Willie Nampeya. Kenaka anapeza mwayi wa maphunziro wa Fulbright, thandizo la boma la America limene linayamba mu 1946, ndipo anapita ku Pratt Institute, sukulu yotchuka ya zaluso imene inakhazikitsidwa mu 1887 ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Kumeneko anatenga digiri yachiwiri ya zojambula mu 1986. New York ndi umodzi mwa misika yaikulu ya zithunzi pa dziko lonse, ndipo wojambula waluso akafikako mtima umamukokera kukhala komweko. A Chiromo anabwerera ku Zomba, nakaimanso patsogolo pa ophunzira.

Ntchito yawo inali ya manja awiri. Dzanja limodzi linkajambula zithunzi zazikulu za penti wa mafuta, zopachika pakhoma. Dzanja lina linkajambula zithunzi za m'mabuku. Ntchito ziwirizi zimaoneka ngati imodzi, koma malamulo ake ndi osiyana, ndipo ndi amisiri ochepa amene amakhoza zonse ziwiri.

Penti wa mafuta ndi utoto waufa wosakaniza ndi mafuta a mbewu. Suuma msanga ngati penti wa madzi. Umatenga masiku, ndipo ukapakidwa wochindikala umatenga milungu. Kuchedwa kumeneku ndiko ubwino wake, pakuti wojambula amatha kusakaniza mitundu pachinsalu pomwepo, kufufuta, kubwereza, ndi kusanjika utoto wina pamwamba pa wina mpaka khungu la munthu kapena mtambo wa mvula zitaoneka zamoyo. Ndi luso la munthu wosapupuluma, paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Odziwa za luso ambiri amawerengera a Chiromo pakati pa akatswiri oposa onse amene Malawi wakhala nawo pa penti wa mtundu umenewu, ndipo zithunzi zawo zinaonetsedwa m'dziko muno ndi kunja komwe.

Chimene chinkasiyanitsa zithunzi zawo ndi za ena chinali nkhope ya chinsalu. Wophunzira amaphunzitsidwa kusalaza penti kuti chithunzi chikhale see ngati galasi. Zithunzi zambiri za a Chiromo sizinali choncho. Iwo ankasakaniza mu utoto zinthu zotola pafupi, monga mchenga, timiyala ndi tizidutswa ta nsalu, kotero kuti chithunzi chinkatuluka chokhakhala, chokhala ndi zitunda ndi zigwa. Kuwala kukagwa pa chithunzi chotere, chitunda chilichonse chimaponya kamthunzi kake, ndipo chithunzicho chimasintha maonekedwe munthu akasuntha kapena dzuwa likapendeka. Penti ndi burashi zinali zochokera kunja, njira yake inali yophunzira kusukulu, koma thupi la chithunzi linali dothi la kwawo.

Kwa anthu a m'chigwa chino, kujambula ndi dothi si chinthu chachilendo. Mayi akamazira nyumba amadziwa kumene kuli dothi lakuda, lofiira ndi loyera, ndipo amadziwa kukongoletsa khoma ndi mizere popanda womujambulira. Woumba mbiya amalemba timizere pakhosi pa mtsuko dongo lisanaume. Pakati pa Ayao, makolo ankaumba pansi zithunzi zazikulu za dothi zotchedwa inyago, nazikongoletsa ndi ufa, pophunzitsa anyamata pa chinamwali. Tanthauzo lake ndi la kundagala ndipo silinenedwa pabwalo, koma kukhalapo kwake n'kodziwika, ndipo Dr Meredith Sanderson analemba za zithunzi zimenezi mu 1955. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zonsezi zikuonetsa kuti kuphunzitsa ndi chithunzi kunalipo m'dziko muno bolodi ndi choko zisanafike. Munthu amene waona khoma lozira bwino akaima patsogolo pa chithunzi chokhakhala cha a Chiromo, sakhala ngati mlendo. Luso limene anakalinola kutsidya la nyanja linabwera kudzakumana ndi luso limene linali kale pakhomo.

Dzanja lachiwiri, la zithunzi za m'mabuku, ndilo limene likukhudza kwambiri Domasi. Wojambula chithunzi cha pakhoma ndi mfumu pa chinsalu chake. Amajambula chimene mtima wake wafuna. Wojambula za m'buku ndi wantchito wa nkhani ya munthu wina. Amapatsidwa mawu, amauzidwa kukula kwa malo amene atsala pa tsamba, ndipo amapatsidwa tsiku lomalizira. Ayenera kuwerenga nkhani yonse ndi kusankha mphindi imodzi yoyenera kuijambula, imene idzakoka wowerenga koma osaulula mathero. Ayeneranso kudziwa makina osindikizira. Chithunzi cha mitundu yonse chimasindikizidwa ndi inki zinayi, yobiriwira ngati thambo, yofiirira, yachikasu ndi yakuda, ndipo inki iliyonse imafuna chitsulo chakechake chodindira. Chifukwa cha mtengo wa zimenezi, mabuku ambiri a m'dziko muno ankatuluka ndi inki yakuda yokha. Choncho mthunzi wa mtengo, kunyezimira kwa madzi ndi khungu la munthu zinkayenera kupangidwa ndi timizere ndi timadontho basi. Mzere ukachepa kwambiri unkasowa posindikiza. Timizere tikathithikana tinkasanduka chibanga chakuda. Makompyuta asanafale, tsamba lililonse linkakonzedwa pamanja: mawu ankadulidwa ndi lumo, n'kumatidwa ndi guluu pa pepala lolimba pamodzi ndi chithunzi, kenaka n'kujambulidwa ndi kamera kuti apange chitsulo chodindira.

Pamwamba pa zonsezi pali choonadi. Mwana wa Sitandade 1 amawerenga chithunzi asanawerenge chilembo. Akaona mayi akusinja, amayang'ana ngati mtondo ndi munsi zili monga za pakhomo pawo. Akaona msodzi, amadziwa ngati bwatolo lingayandame pa nyanja ya Chilwa kapena ayi. Wojambula akalakwitsa kamangidwe ka mwana kumbuyo, kagwiridwe ka khasu kapena kaimidwe ka nkhokwe, mwanayo amaphunzira chinthu chimene mphunzitsi sanafune kumuphunzitsa: kuti buku ndi la anthu ena, a kwina. Koma akadziona yekha pa tsamba, amakhulupirira kuti sukulu ndi yake. Apa ndi pamene wojambula za m'mabuku amasanduka msungi wa chikhalidwe, chifukwa chimene wajambula chimalowa m'mitu ya ana zikwizikwi nthawi imodzi. Munthu wa digiri ya ku New York akanatha kuona ntchito imeneyi ngati yonyozeka poyerekeza ndi zithunzi za pakhoma. A Chiromo sanainyoze.

Chigwa chino chili ndi mbiri yaitali pa nkhani ya buku ndi mwana. Mishoni ya Domasi inatsegulidwa mu 1884 ndi a Alexander Hetherwick, amene dzina lawo linadzapatsidwa kwa nyumba yosindikizira mabuku ya Hetherwick Press ku Blantyre. Mu 1929 boma linatsegula pano sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo kudzaphunzira, ndipo mafumu nawonso ankachitirako maphunziro. Malawi Institute of Education, imene inakhazikitsidwa mu 1979 n'kuyamba ntchito mu 1982, ndi kumene amakonza zimene ana a dziko lonse amaphunzira. Mwana wa ku Chitipa ndi mwana wa ku Nsanje amatsegula tsamba lomwelo n'kuona chithunzi chomwecho, ndipo chithunzicho chinavomerezedwa kuno ku Domasi. Palibe nyumba yoonetsera zithunzi, ngakhale ya ku Ulaya, imene ingasonkhanitse Amalawi ochuluka ngati amene amaona chithunzi cha m'buku la kupulayimale. Komabe ndi angati mwa anthu amene ali pano angatchule dzina la amene anajambula buku limene anaphunzirira kuwerenga?

Nthawi imene a Chiromo ankagwira ntchito sinali yophweka kwa anthu aluso. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, zisudzo ndi mafilimu, ndipo chilichonse chopita kwa anthu chinkayenera kudutsa m'maso mwake. Mu 1987 a Jack Mapanje, mphunzitsi mnzawo pa Chancellor College, anamangidwa popanda mlandu kuzengedwa n'kukasungidwa ku Mikuyu mpaka mu 1991. Aliyense wogwira cholembera kapena burashi pa kolejiyo ankadziwa kuti makoma ali ndi makutu. M'zaka zomwezo owerenga nyuzipepala ankaseka ndi Pewani wa a Brian Hara ndiponso Joza wa a Vic Kasinja, anthu a pepala ndi inki amene ankaonetsa Amalawi makhalidwe awo omwe popanda kutchula munthu dzina.

Mphamvu ya chithunzi inaonekera poyera pa 14 Juni 1993, tsiku la riferendamu. Anthu ambiri oponya voti sankadziwa kuwerenga, choncho funso lalikulu la dziko linaikidwa m'zithunzi ziwiri: tambala wakuda kuimira chipani chimodzi, nyali kuimira zipani zambiri. Nkhalamba ya kumudzi imene sinalowepo m'kalasi inatha kunena maganizo ake chifukwa wina anajambula nyali yooneka ngati nyali. Mbendera ya dziko nayo ndi ntchito ya wojambula, ndipo pamene inasinthidwa mu 2010 mkangano wake unagwedeza dziko mpaka yakale ija inabwezeretsedwa mu 2012. Amene amati kujambula ndi masewera a ana akumbukire zinthu ziwirizi.

A Chiromo sanaime pa burashi ndi cholembera pokha. Anakonzanso filimu ya vidiyo yofotokoza zochitikadi, pa nthawi imene Malawi analibe wailesi ya kanema yakeyake. Koma masiku awo anali ochepa. Anamwalira mu Disembala 1994 ali ndi zaka 43, msinkhu umene wojambula ambiri amakhala atangoyamba kukhwima. Chinali chaka chimene dziko linachita chisankho cha zipani zambiri mu Meyi, ndiponso chaka chimene maphunziro a kupulayimale anakhala aulere, ana m'sukulu n'kuchuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Pa nthawi yeniyeni imene dziko linkafuna mabuku ambiri ndi ojambula ambiri, ndipo pakamwa pa anthu aluso panali patangomasuka, mmodzi wa aphunzitsi a ojambulawo anachoka.

Moto umene iwo ndi anzawo anakoleza sunazime. Chaka chotsatira, mu 1995, mnyamata wina dzina lake Samson Kambalu analowa m'gawo lomwelo pa Chancellor College. Lero a Kambalu ndi pulofesa wa zaluso ku Oxford, ndipo mu Seputembala 2022 chosema chawo cha M'busa John Chilembwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square, pakati pa mzinda wa London. Chosemacho anachitengera pa chithunzi cha 1914, chimene chikuonetsa a Chilembwe atavala chipewa, ataima pamodzi ndi mzungu wa mishoni John Chorley, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Phunziro lake n'lalikulu. Pakanapanda munthu wosunga chithunzi chaching'ono chija kwa zaka zoposa 100, chosema cha ku London sichikanakhalapo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Gule amakhala m'matupi a anthu. Malinga ngati pali mwana woonerera, gule safa. Chithunzi sichili choncho. Chithunzi cha penti chimakhala chimodzi chokha pa dziko lonse. Mlendo akachigula amapita nacho, paja mlendo ndi mame. Chikatsala, adani ake ndi chiswe, denga lodontha, utsi wa m'khitchini ndi dzuwa lolowera pazenera. Chithunzi chokhakhala ngati cha a Chiromo chimavutanso kuposa, chifukwa chimagwira fumbi, ndipo wochipukuta ndi chiguduli chonyowa akhoza kugwetsa mchenga umene mwini wake anauika ndi cholinga. Zithunzi za m'mabuku nazo zimatayika mwakachetechete: maphunziro akasintha, mabuku akale amathera pamsika kukulungira mandasi ndi usipa, ndipo mapepala enieni amene wojambula anagwirapo ndi manja ake amatayidwa pokonza ofesi. Mtundu ukhoza kutaya ojambula ake onse popanda maliro ndi amodzi omwe.

Bungwe losunga chikhalidwe lili ndi zimene lingachite osadikira thandizo lochokera kutali. Choyamba ndi dzina. Aliyense amene wajambula nsalu, chizindikiro kapena chikuto cha kabuku ka mwambo alembedwe dzina, monga momwe amalembera mlendo wolemekezeka ndi magulu ovina. Chachiwiri ndi malipiro. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ntchito za anthu aluso, limene linakonzedwanso mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likugwira ntchito imeneyi kuyambira mu 1992. Kutenga chithunzi cha munthu pa foni kapena pa intaneti n'kukachidinda pa nsalu popanda kumupempha n'chimodzimodzi kukolola m'munda mwa mwini. Chachitatu ndi kusunga. Pakhomo pamene pali chithunzi cha wojambula wa m'dziko muno, kapena buku lakale la sukulu lokhala ndi zithunzi, chisungidwe pouma ndi pamthunzi, ndipo kumbuyo kwake kulembedwe ndi pensulo dzina la wojambula, chaka ndi kumene chinachokera. Nyumba yosungira zolembedwa zakale ya boma ili ku Zomba konkuno, ndipo bungwe likhoza kupempha uphungu kumeneko pa kasamalidwe ka mapepala. Nsalu ndi kabuku ka chaka chilichonse zisungidwenso m'bokosi la bungwe, pakuti zimene zikuoneka zawamba lero ndizo zidzukulu zidzafunefune.

Chachinayi ndi mwana. M'sukulu iliyonse ya m'chigwa chino, kuyambira kumunsi kwa phiri la Malosa mpaka kumadambo a ku Chilwa, muli mwana amene amadzaza masamba a kumapeto kwa kope lake ndi galimoto, mbalame ndi nkhope za anzake. Kawirikawiri malipiro ake amakhala chikwapu chifukwa choononga kope. M'mera mpoyamba. Mwana ameneyu apatsidwe pepala, aonetsedwe kumene kuli dothi la mitundu, atumidwe kukajambula agogo ake akuluka lichero kapena akuumba mbiya, ndipo auzidwe kuti luso lake ndi ntchito imene anthu amaphunzira mpaka kuyunivesite. Masiku ano ntchito yokonza mabuku, zikwangwani ndi zizindikiro imachitikira pa kompyuta, koma makinawo sadziwa kusiyanitsa mtondo wa kuno ndi wa dziko lina. Diso lodziwa kwawo likufunikabe, mwinanso kuposa kale.

A Kay Chiromo anafika ku umodzi mwa mizinda yaikulu ya zaluso pa dziko lonse, naphunzira zimene kunali koyenera kuphunzira, nabwerera kudzawerama kutola mchenga. Anajambulira makoma, anajambuliranso owerenga mabuku, ndipo anaphunzitsa ena kuti ntchito isathere pa iwo. Mchenga wotere ulipo wambiri m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi, ndipo ana oti autole ali pakati panu lero. Mzimu wa malemu a Chiromo uuse mumtendere.